Njuchi Yabodza ya M'minda ya Tiyi

Amalume anga adayamba kuweta njuchi atapuma pa ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Adapachika ming'oma isanu ndi iwiri m'mitengo ya m'mbali mwa khwawa, kumunsi kwa munda wawo wa nthochi, ndipo kwa zaka zingapo uchi wawo unkatha usadafike n'kumsika komwe. Aphunzitsi, anamwino ngakhalenso madalaivala a mathirakitala ankachita kusiyiratu ndalama uchi usadafulidwe. Tsono chaka china, mvula itangoyamba kumene, malonda adangoti zii. Mabotolo adakhala pawindo mwezi wathunthu, mwini wake osadziwa chomwe chalakwika, kufikira mayi wina wachifundo adawanong'oneza potuluka m'tchalitchi kuti m'mudzi mwawanda mbiri yoti njuchi zawo zimagona m'chimbudzi. Anthu adali atazionadi ndi maso awo, zina zikutuluka pa dzenje la chimbudzi, zina zili piringupiringu pa ngalande yochokera m'khola la ng'ombe zamkaka la mnansi wawo. Ndani angadye uchi wotero?

Adandiimbira foni Lachisanu madzulo ndili mu ofesi. "Mphwanga," adatero, "iwe amene umathamangitsana ndi tizilombo ngati mwana, tabwera udzaone kuno. Mwina misala yako ija ingandipulumutse."

Misala yomwe ankanenayo ndi iyi. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo masiku asanu pa sabata ndimakhalira kusuntha mafayilo kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Koma Loweruka likafika timatengana anthu atatu, ine, mphunzitsi wina wa pulaimale ndi mlangizi wa zaulimi, n'kumayendayenda m'mphepete mwa minda ya tiyi kuyang'ana tizilombo touluka. Zida zathu n'zochititsa manyazi: kaukonde kosokedwa kuchokera ku neti yakale ya udzudzu, mabotolo a jamu ndi kagalasi kokulitsa zinthu komwe mphunzitsiyo adagula pa kaunjika. Palibe mwa ife adaphunzira za tizilombo kukoleji kupatula mlangiziyo, ndipo iyeyo adaphunzira za kapopedwe kake.

M'mawa mwake ndidafika pa ngalande paja dzuwa litangotentha. Zidalipo zambirimbiri, zofiirira, zamizere m'mimba, zikulira ngati njuchi ndithu. Ndidakola imodzi, ndipo amalume ali chiyang'anire ndidaitulutsa m'kaukonde ndi zala zanga. Adafuula kuti ndiitaye isadandilume. Idalira m'dzanja langa, idapinda mimba ngati ikufuna kubaya, koma mbola idalibe. Sidali njuchi. Idali ntchentche.

Pano ndiyenera kufotokoza momwe munthu amasiyanitsira ziwirizi, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Njuchi ndi mavu zili ndi mapiko anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, ngakhale kuti pouluka amalumikizana n'kumaoneka ngati awiri. Ntchentche iliyonse ili ndi mapiko awiri okha, ndipo pamene padayenera kukhala mapiko am'mbuyo pali timitu tiwiri tonga ta machesi tomwe timaithandiza kuti isapendeke pouluka. Tinyanga ta njuchi n'tatitali ndi topindika ngati chigongono, pamene ta ntchentche zambiri za mtunduwu n'tatifupi, tongoti tubwi pamphumi, tili ndi katsitsi kamodzi. Maso a ntchentche ndi aakulu mwakuti amatenga pafupifupi mutu wonse, ndipo mwa mitundu yambiri maso a yaimuna amakhudzana pamwamba pa mutu pamene a yaikazi amasiya kampata. Mavu ali ndi chiuno chong'ang'a, njuchi imanyamula mungu m'timatumba ta m'miyendo yam'mbuyo. Ntchentche yathuyi ilibe timatumba totero. Koma chizindikiro chomwe ife atatu timachikhulupirira kuposa zonse chili m'phiko. Mukaliyang'ana padzuwa ndi kagalasi mumaona mitsempha, ndipo pakati pa mitsempha iwiri pamadutsa kamzere kena kokhala ngati mtsempha koma kosalumikizika bwino kumapeto kwake. Akatswiri amakatcha vena spuria, kutanthauza mtsempha wonama. Mukakaona mwadziwa kuti mwagwira wa banja la Syrphidae, lomwe Angerezi amalitcha hoverfly chifukwa cha luso lake loima malo amodzi m'malere, mapiko akukupiza kopitirira ka 100 pa sekondi imodzi, kenaka n'kungoti psiti kulowera kumbali. Banja limeneli lili ndi mitundu pafupifupi 6,000 pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 600 mwa iyo ndi ya kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Yomwe ndidagwira tsiku limenelo idali ndi maso amizeremizere ngati mbidzi, chizindikiro cha fuko lotchedwa Eristalinus. Ndidatenga kamtengo n'kuvundula matope a m'ngalandemo, ndipo mudatuluka mphutsi zotuwa, iliyonse ili ndi mchira wautali ngati wa khoswe. Mchirawo ndi paipi yopumira: mphutsi imakhala pansi pa madzi oola ikudya zonyansa, mchira uli pamwamba kukoka mpweya. Ikakhwima imakwawira pouma, n'kuumba chikwa chake, ndipo pomaliza imatuluka itavala yunifolomu ya njuchi. Zoona, njuchi zenizeni nazo zimatera pa zithaphwi kukamwa madzi, zimenezo sindidawabisire amalume. Koma sizibadwiramo, ndipo chipiringu chomwe anthu adaona sichidali cha m'ming'oma mwawo.

Anthu a m'mudzi wa amalume asachite manyazi, chifukwa adagwa m'mbuna yomwe anthu ophunzira adagwamo kwa zaka zoposa 1,000. Agiriki ndi Aroma akale ankakhulupirira kuti munthu akafuna njuchi zatsopano aphe ng'ombe, aitsekere m'kanyumba, ndipo ikaola mutuluka dzombe la njuchi. Mlakatuli wachiroma Virgil adalemba ndondomeko yake yonse ngati malangizo a ulimi. Mu 1894 Carl Robert Osten-Sacken, yemwe adali kazembe wa dziko la Russia ku New York koma mtima wake uli pa ntchentche (wogwira ntchito m'boma mnzanga, ndimatero ine podzitonthoza), adasindikiza kabuku kofotokoza kuti zomwe anthu akalewo ankaona zikutuluka m'nyama yoola zidali Eristalis tenax, mbale wake weniweni wa ntchentche ya pa ngalande ija. Iye adaikapo ngakhale nkhani ya Samisoni ndi njuchi za m'mtembo wa mkango, ya m'buku la Oweruza mutu 14. Mbali imeneyi amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo, adati ndiisiye pomwepo, ndipo ndidaisiya.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchentche ivale zovala za eni mbola? Yankho lidachokera kwa Henry Walter Bates, Mngerezi yemwe adakhala zaka 11 m'nkhalango za Amazon, kuyambira 1848 mpaka 1859, akutolera agulugufe ndi tizilombo tina. Mu 1862 adalemba kuti kachilombo kopanda chida kakafanana ndi kena koopsa, mbalame zimakapewa, choncho komwe kafanana kwambiri n'komwe kamapulumuka ndi kubereka. Mbalame yomwe idalumidwapo ndi njuchi sifunsanso kawiri. Chodzitetezera chomwe chidapangidwira maso a mbalame n'chomwe chidapusitsa ogula uchi a ku Thyolo.

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo funso lina lidandikanirira m'mutu. Ife Amalawi tizilombo timatidziwa. Mayi anga, omwe adathyola tiyi zaka zambiri, amasiyanitsa ngumbi ndi mafulufute, bwanoni ndi tsokonombwe, nkhululu ndi kachiwala wamba. Amadziwa mtengo womwe mphalabungu zimakonda ndiponso mwezi womwe zimatsika. Agogo anga, omwe makolo awo adawoloka malire kuchokera ku Mozambique pamodzi ndi Alomwe anzawo kudzagwira ntchito m'maesiteti, ankadziwa linthumbu ndi fungo lokha. Koma nditafunsa akuluakulu a kwathu dzina la ntchentche yoima m'malereyi, yense ankangoti "si njuchi imeneyo?" kapena "timavu tating'ono." Ndidaona kuti maina athu ambiri tidawapereka kwa tizilombo tomwe timadya ndi tomwe timatipweteka. Kamene sikalowa mu mphika, sikaluma, sikadya chimanga, kadatsala kopanda dzina lakelake.

Chomwe chidandidabwitsa powerenga mbiri n'chakuti azungu a m'maesiteti, ndi sayansi yawo yonse, adayenda njira yomweyo. Mbewu yoyamba kuwalemeretsa m'mapiri a Shire idali khofi, ndipo idagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kaamba ka tizilombo, matenda ndi kutsika kwa mitengo pa msika wa kunja. Tiyi, yemwe Henry Brown adamudzala ku Mulanje mu 1891 ndi mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndiye adalowa m'malo, ndipo pofika zaka za m'ma 1920 ndi 1930 adali atakuta zitunda za boma lomwe iwo ankalilemba kuti Cholo. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Anthu omwe adaonapo khofi akuwafera m'manja sakadalekerera kachilombo kalikonse koboola tsamba la tiyi. Katswiri wa boma pa za tizilombo, Colin Smee, adathera nthawi yambiri pa kachilombo kotchedwa Helopeltis, kowonda ngati udzudzu, komwe kamabaya nsonga zanthete n'kusiya madontho akuda. Mu 1933 iye ndi mnzake Leach adasindikiza umboni woti zilonda zomwe zinkapotokola nthambi za tiyi zinkayamba ndi kubaya kwa kachilombo komweka, osati matenda ena monga ambiri ankaganizira. Ntchito yotere ndiyo idapitirira pa malo ofufuzira za tiyi a ku Mimosa, ku Mulanje, komwe bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lidakhazikitsidwa mu 1966.

Gulu lachiwiri lomwe lidalandira chidwi lidali la tizilombo toluma. Mu 1909 boma la Britain lidakhazikitsa komiti yofufuza za tizilombo ta m'maiko ake a mu Africa, makamaka tofalitsa matenda monga kashembe, ndipo idatumiza Sheffield Neave yemwe cha m'ma 1913 adakhala nthawi yaitali akutolera tizilombo ku Mulanje. Kuno ku Thyolo kachilombo koluma komwe kadatchuka ndi kantchentche kakuda, kakang'ono ngati njere ya mapira, komwe kamaswana m'madzi othamanga a m'mitsinje yathu. Kamafalitsa nyongolotsi zoyambitsa matenda omwe amagwira khungu la pathupi ndi kuyabwa kosagonetsa tulo, ndipo nthawi zina amadzetsa khungu la maso. Dokotala wina, Gopsill, adalemba za matendawa m'dziko muno mu 1939, ndipo Gilbert Burnham wa pa chipatala cha Malamulo adawafufuza mozama chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anzanga a msinkhu wanga akukumbukira anthu odzipereka akuyenda khomo ndi khomo ndi ndodo yoyezera kutalika kwa munthu, kugawa mapiritsi a Mectizan. Mu 2000 akatswiri anayi, Vajime, Tambala, Krüger ndi Post, adapeza kuti kantchentche ka kunoka ndi mtundu pawokha, ndipo adakatcha Simulium thyolense. Choncho m'mabuku a sayansi a dziko lonse dzina la boma lathu lidalembedwa pa ntchentche yomwe idakandisa makolo athu mpaka kutuluka magazi. Chotonthozako n'chakuti kulinso kambalame ka m'nkhalango komwe kadapatsidwa dzina la choloensis mu 1927, ngakhale kuti nkhalango ya m'phiri la Thyolo momwe kankakhala tidaigwetsa pafupifupi yonse.

Ntchentche zoima m'malere zidalowa m'mabuku ngati zotolera panjira. Munthu wotumidwa kukasaka kashembe akaponya ukonde sasankha. Zonse zogwidwa zinkabayidwa pa mapini, kuikidwa m'mabokosi n'kukwezedwa sitima kupita ku British Museum ku London. Kumeneko mabokosi a banja la Syrphidae adaperekedwa kwa Mario Bezzi, Mtaliyana yemwe zaka zambiri za moyo wake adali mphunzitsi wa sekondale, ntchentche n'kumaziphunzira akaweruka. Mu 1915 adatulutsa buku lofotokoza ntchentche za banjali za mu Africa muno, lodzaza ndi maina atsopano a Chilatini, ndipo ambiri mwa mainawo akugwirabe ntchito lero. Mnzanga mphunzitsi amakonda kutikumbutsa mfundo imeneyi tikamamuseka za kagalasi kake ka pa kaunjika.

Pa pini iliyonse ya m'mabokosi otere pamakhala kapepala kakang'ono kolembedwa malo, tsiku ndi dzina la wotolera. Pamenepa ndipo pamandiwawa. Mzungu woyenda ulendo wa miyezi m'nthawi imeneyo sankayenda yekha. Padali amtengatenga, ophika, olondolera njira, ndi anyamata ophunzitsidwa kuponya ukonde, omwe ankakwera m'makwawa mwini ulendo ali mu tenti kulemba. Maso omwe adayamba kuona zambiri mwa ntchentchezo adali a anthu onga agogo anga, koma kapepala kadali ndi malo a dzina limodzi lokha. Sindikunyoza ntchito ya azunguwo. Popanda mabokosi awo ife atatu sitikadakhala ndi poyambira. Ndikungonena kuti mbiri ya tizilombo ta m'dziko muno idalembedwa ngati kaundula wa pa esiteti, momwe makilogalamu a tiyi amaoneka koma zala zomwe zidathyola sizioneka.

Padalinso ena omwe ankachita izi mwa chikondi chabe. Rodney Wood, yemwe adalima pa Magombwa kufupi ndi boma la Thyolo m'zaka za m'ma 1920, ankatolera mbalame, agulugufe ndi tinyama tating'ono n'kumatumiza ku nyumba zosungira zakale za kunja. Bungwe la Nyasaland Society, lomwe lidayamba mu 1946 ndipo lero ndi Society of Malawi, lidakhala pobisalira anthu otere, ndipo mu 1965 lidasindikiza mndandanda wa agulugufe a m'Malawi wolembedwa ndi David Gifford. Koma amene ndimamuvulira chipewa ndi Brian Morris. Adafika mu 1958 ali mnyamata wosapita patali ndi sukulu, kudzagwira ntchito ya tiyi pa esiteti ya Zoa kuno ku Thyolo ndipo kenaka ku Limbuli ku Mulanje. Nthawi yake yopuma ankaithera m'thengo ndi anthu akumudzi, akufunsa maina a mbewa, bowa ndi zitsamba. Pambuyo pake adakhala pulofesa ku London, ndipo mu 2004 adatulutsa buku la Insects and Human Life, lonena za momwe Amalawi timakhalira ndi tizilombo, momwe maina athu a Chichewa adalembedwa pambali pa a Chilatini ngati nzeru zofanana. Kusiyana kwake ndi am'mbuyo aja n'kwakuti iye ankafunsa. Paja safunsa adadya phula.

Chomwe mbali zonse ziwiri, ife ndi iwo, tidachedwa kuona n'chakuti ntchentche yopanda dzinayi yakhala ikugwira ntchito m'minda ya tiyi kuyambira kalekale popanda tikiti. Si zonse za m'banjali zomwe zimabadwira m'matope. Zina, zazing'ono, zowonda, zamizere yachikasu ngati mavu, zimaikira mazira pa nsonga zomwe zagwidwa ndi nsabwe za m'masamba. Mphutsi zake n'zobiriwira kapena zotumbululuka, zopanda miyendo, zonga kankhono kopanda chigoba, ndipo imodzi yokha imayamwa nsabwe mazana angapo isadasanduke. Tiyi wamng'ono wa ku nazale ndiponso wophukira atadulidwa amavutika ndi nsabwe zakuda, zomwenso zimagwira malalanje ndi khofi. Mlangizi uja adationetsa tsiku lina pa munda wa mlimi wamng'ono: nsonga yakuda bii ndi nsabwe, pakati pake kamphutsi katanyamula imodzi m'mwamba kakuitsopa. Mwini munda adali atakonza kale mpope, ndipo kamphutsiko ankakawerengera m'gulu la adani. Mayi anga nditawaonetsa chithunzi chake adakazindikira msanga. Adati ankakaona kawirikawiri pothyola ndipo ankakafinya ndi chala, poganiza kuti n'kamene kakupotokola masamba. Zikakula, ntchentche zonsezi, za m'matope ndi za m'masamba zomwe, zimadya timadzi ta m'maluwa ndi mungu, ndipo potero zimabereketsa mitengo. Aliyense amene waimapo pansi pa mango kapena peyala wochita maluwa n'kuyang'anitsitsa adzavomereza kuti si zonse zolira m'menemo zomwe zili njuchi.

Ntchito yodziwa mitundu yake yapepukako masiku ano. Foni ya m'thumba imajambula phiko mitsempha n'kuoneka, ndipo buku lalikulu la Manual of Afrotropical Diptera, lomwe lidayamba kutuluka ku South Africa mu 2017, lili ndi zithunzi ndi njira zolondolera munthu kufika pa fuko la ntchentche yomwe wagwira. Komabe ife timaimira pa fukopo. Kuti munthu atchule mtundu weniweni, nthawi zambiri pamafunika kuyang'ana ziwalo zobisika za yaimuna pa makina okulitsa kwambiri, ndipo tidakanganapo mwezi wathunthu pa ntchentche imodzi yomwe mphunzitsi adaipatsa dzina mofulumira atangoona mtundu wa mimba yake. Mtundu wa mimba umasintha malinga ndi nyengo yomwe mphutsi idakuliramo. Kuyambira pamenepo tidapangana kuti wotchula dzina lachiwiri popanda umboni ndiye agula zakumwa.

Za uchi zija zidatha motere. Amalume sadakhutire ndi mawu anga, ndipo ndikuwamvetsa, pakuti mawu a mphwawo sakadagulitsa botolo ndi limodzi lomwe. Adatenga mphutsi zamichira khumi zonenepa bwino, adaziika mu chigubu chodula pakamwa momwe mudali matope mbali ina ndi masamba ouma mbali ina, adaphimba ndi chidutswa cha neti, n'kukachisiya pakhonde la a nyakwawa kuti pasakhale wonena kuti achita matsenga. Patapita masabata awiri ndi masiku angapo, m'chigubumo mudayamba kulira. Lamulungu lotsatira anthu atasonkhana, mkulu wa zaka zopitirira 70 uja adapisa dzanja m'chigubu, adafumbata ziwiri, adakweza chibakera m'mwamba n'kuzungulira bwalo lonse zikulira m'dzanja mwake. Atafumbatula adapempha aliyense wokayika kuti adzafufuze pomwe zaluma. Kenaka adati amene akuti zimenezi n'zofanana ndi za m'ming'oma yawo atsagane nawo kukhwawa akafumbateko ziwiri za kumeneko. Sadapezeke.

Ogula ambiri adabwerera, ngakhale mayi wina adanenetsa kuti njuchi kapena ntchentche, iye mtima wake udanyansidwa kale, ndipo mpaka lero amagula shuga. Mnansi wa ng'ombe uja adakumba dzenje la manyowa n'kuphimba ngalande yake.

Madzulo ake amalume adandifunsa dzina la kachilomboko. Nditati Eristalinus adayesa kawiri, lilime lidakana. "Ameneyu ndi kamberembere," adagamula motero. "Ndawaona ambiri pa esiteti. Yunifolomu ali nayo, phokoso ali nalo, koma dengu lake lilibe kanthu." Ndidawauza za maluwa a mango ndi za abale ake odya nsabwe, kuti mlandu wa ulesi ukumugwera wosalakwa. Adangoseka, ndipo dzinalo lidamera. Ana a m'mudzimo akuitchula choncho, ndipo ngakhale ife atatu talitengera.

Imodzi mwa ziwiri zomwe adafumbata idathyoka phiko, choncho ndidapita nayo kunyumba n'kuibaya pa pini m'kabokosi kanga ka makatoni. Pa kapepala ndidalemba Thyolo, tsiku, ndi mawu oti yoleredwa kuchokera ku mphutsi ya m'ngalande ya khola. Pa mzere wa wotolera ndidalembapo dzina la amalume.